Mwana akati "ndinagwa", tamuyang'anani m'kamwa

Lero tisiye kaye za mtengo wa feteleza ndi za mpira. Ndili ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo.

Nyengo ya mango yapitayi, tsiku lina masana ndinali pakhonde ndikusewera pa foni. Ana a m'dera lathu kuno ku Chitala anali pansi pa mtengo, aliyense ali kalikiliki ndi bango lake, madzi ali chuchuchu mpaka m'zigongono. Mtsikana mmodzi, wa zaka ngati zinayi, anangogwira bango lake osaluma. Mwana wakuno kugwira bango lakupsa osadya? Ndinamuitana. Anabwera atatseka pakamwa ndi dzanja. Atachotsa dzanjalo ndinaona mlomo wa m'mwamba uli wotupa, m'kati mwake muli magazi ouma. Nditafunsa kuti watani, anayankha ndi mwana wina wamkulupo: "Anagwa." Ine ndinangoti pepa, basi, n'kubwerera pa foni yanga.

Patapita masabata atatu ndinamuonanso. Ulendo uno dzino limodzi lakutsogolo linali litayamba kuda, ndipo patsaya panali mikwingwirima. Yankho linali lomwe lija: anagwa. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti mawondo ake anali osalala, zikhatho zake zopanda ndi kachilonda komwe. Tonsefe tinakula tikugwa, ndiye timadziwa mmene mwana wakugwa amaonekera: mawondo osupuka, zigongono zokalika, chitupsa pamphumi. Nanga uyu amagwa bwanji kuti azingomenyetsa pakamwa pokhapokha?

Sindine dokotala. Ku yunivesite ndinachokako ndisanamalize, nkhani ya fizi, komanso zimene ndinkaphunzira sizinali za chipatala. Koma kuwerenga ndimatha. Ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza, ndinachezanso ndi mnzanga wina amene anaphunzira ntchito ya mano. Zimene ndinapezazo ndi zimene ndikugawireni pano. Dzina la mwanayo, la makolo ake kapena mudzi wake, musavutike kundifunsa ku inbox, sindinena.

N'chifukwa chiyani m'kamwa?

Mu 2013 boma, kudzera ku unduna woona za jenda ndi ana mothandizidwa ndi UNICEF, linachita kafukufuku wa dziko lonse wokhudza nkhanza kwa ana. Anapeza kuti atsikana pafupifupi 2 mwa 5 alionse, ndi anyamata pafupifupi 2 mwa 3 alionse, anamenyedwapo kapena kupwetekedwa mwankhanza asanakwane zaka 18. Mtsikana 1 mwa 5 ndi mnyamata 1 mwa 7 anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana. Tangoganizani kalasi imodzi ya pulaimale, muwerengere nokha. Nkhaniyi si ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre kokha ayi, ili m'makomo mwathu momwemuno.

Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, mu lipoti lake la 2017 linanena kuti mwa ana amene apwetekedwa mwankhanza, oposa theka amakhala ndi mabala kumutu, kumaso ndi m'khosi. Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Pakamwa ndi pamene mwana amalirira, amadyera ndi kuyankhira. Munthu wamkulu akapsa mtima kuti mwana akulira usiku, akukana phala, kapena akuti wayankha mwano, dzanja limathamangira pomwepo.

Vuto n'lakuti bala la m'kamwa limabisika. Mwana akatseka pakamwa, umboni watsekeredwa. Komanso khungu la m'kamwa limapola msanga, moti pakatha masiku ochepa simungaonenso kanthu. Ndiye ngati palibe amene wayang'ana nthawi yomweyo, nkhani imathera pomwepo, kudikira ulendo wina.

Zimene muyenera kuyang'ana

Milomo. Awa ndiye malo amene amavulala kwambiri. Khofi kapena chibakera chikagwa pakamwa, mlomo umapanikizidwa ndi mano, ndiye umang'ambika cha m'kati. Kunja mungaone kutupa chabe, koma m'kati muli bala kapena zipsera zakale.

Kanyama ka kuseri kwa mlomo. Tayesani kukweza mlomo wanu wa m'mwamba muli pa galasi. Muona kanyama kopyapyala kolumikiza mlomowo ndi nkhama, pakati penipeni pa mano awiri akutsogolo. Kena kali kumlomo wa m'munsi, kena kunsi kwa lilime. Mwana amene wayamba kuyenda akhoza kukang'amba atagwa chafufumimba, zimachitika. Koma khanda la miyezi itatu, losakwawa n'komwe, lingakang'ambe bwanji lokha? Pamenepo madokotala amaganizira za supuni kapena botolo lokankhidwa mwamphamvu m'kamwa, kapena dzanja lomenya pofuna kuti mwana atonthole.

Kupsa. Phala lotentha, tiyi wotentha kapena supuni yotentha zimasiya matuza ndi zilonda pamilomo, palilime ndi kumwamba kwa m'kamwa. Nthawi zina ndi ngozi chabe, mayi anali pa changu. Koma nthawi zina ndi chilango, ndipo tonse tinamvapo pa wailesi za ana otenthedwa chifukwa cha ndiwo kapena ndalama yosowa. Apa nditchulenso chizolowezi chimene ambirife tinachionapo n'kuchiyesa chabwinobwino: kumugoneka mwana pamiyendo, kumutsina mphuno n'kumamuthira phala m'kamwa. Amene amachita izi ambiri amafuna mwana akhute, koma zimavulaza m'kamwa ndipo phala likhoza kulowera kumapapo.

M'mbali mwa milomo. Zilonda, mikwingwirima kapena zipsera mbali zonse ziwiri za pakamwa zikhoza kubwera ngati mwana anamangidwa nsalu kapena chingwe pakamwa kuti asakuwe.

Mano. Dzino lothyoka, logwedezeka, lolowa m'kati mwa nkhama, kapena loguluka nthawi yake isanakwane. Kumbukirani kuti mano a mkaka alipo 20, amayamba kumera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 6, ndipo amayamba kuguluka okha ali ndi zaka pafupifupi 6. Ndiye mwana wa zaka zitatu akakhala ndi gweru, pali chimene chinachitika. Dzino limodzi likasintha mtundu n'kuyamba kuda pamene anzake ali oyera, nthawi zambiri ndiye kuti linagundidwa kale ndipo mtsempha wake unavulala kapena unafa. Limeneli ndi dzino limene limasunga mbiri.

Chibwano. Mwana amene akulephera kuyasamula, kapena mano ake a m'mwamba ndi a m'munsi sakukumananso bwino ngati kale, akhoza kukhala kuti fupa linathyoka. Ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Kulumidwa. Ana amalumana, makamaka ku mkombaphala. Koma mano a munthu wamkulu amasiya chizindikiro chachikulu. Akatswiri amayeza mpata wa pakati pa mano awiri osongoka aja: ukapitirira masentimita 3, amaganizira munthu wamkulu. Galu amang'amba mnofu, pamene munthu amasiya mizere iwiri yokhota yoyang'anizana, nthawi zambiri pakati pali podera.

Kumwamba kwa m'kamwa. Iyi ndi yovuta kuikamba koma tiikambe. Timadontho tofiira kapena mikwingwirima kumwamba kwa m'kamwa cha kummero, popanda chifukwa chomveka, ikhoza kukhala chizindikiro chakuti mwana anagwiriridwa kudzera m'kamwa. Matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chindoko amathanso kupezeka m'kamwa ndi kummero kwa mwana. Izi sitiweruza ndi maso, amayeza kuchipatala.

Funso lalikulu: kodi nkhaniyo ikugwirizana ndi balalo?

Mnzanga uja anandiuza kuti palibe bala limodzi limene lokha limatsimikiza kuti apa pachitika nkhanza. Chimene iwo amayang'ana ndi kugwirizana kwa zinthu zitatu: bala, msinkhu wa mwana, ndi nkhani imene akuluakulu akufotokoza.

Mwana akagwa amavulala malo a mafupa otulukira kunja: mphumi, mphuno, nsonga ya chibwano, mawondo, miyendo yakutsogolo. Malo ofewa ndi obisika savulala wamba. Mu 2021 Dr Mary Clyde Pierce ndi anzake ku America anatsimikiza njira yothandiza madokotala kusiyanitsa ngozi ndi nkhanza kwa ana osakwana zaka 4. Malo amene anawatchula kuti ndi okayikitsa ndi awa: pamimba, pachifuwa ndi kumsana, makutu, khosi, kanyama ka kuseri kwa mlomo kaja, pakona ya chibwano, mnofu wa tsaya, zikope ndi poyera pa diso. Anawonjezeraponso mikwingwirima yooneka ngati chinthu, monga zala kapena lamba, komanso mkwingwirima ulionse pa khanda la miyezi 4 kapena kucheperapo. Khanda lotere silinayambe kudziyendera, ndiye silingadzipweteke lokha choncho.

Mvetseraninso nkhani imene ikunenedwa. Amayi akuti anagwa pampando, abambo akuti anagundidwa ndi njinga, mawa nkhani yasinthanso. Bala ndi lalikulu koma akuti anangopunthwa. Mwana wavulala Lolemba koma kuchipatala akupita naye Lachisanu, kapena osapita n'komwe. Mabala ena ndi atsopano, ena akupola, ena ndi zipsera. Mwana amadzidzimuka n'kutchinga kumaso mukangokweza dzanja. Chimodzi mwa izi chikhoza kukhala ndi chifukwa chake. Zikakhala zitatu zinayi pa mwana mmodzi, musamangoti anawa ndi osamva.

Si chilonda chilichonse ndi nkhanza

Apa ndiye tidekhe, chifukwa pa Facebook timafulumira kupachika munthu. Pali matenda amene amafanana ndi mabala.

Zoyerayera ngati mkaka wogona palilime ndi m'masaya mwa khanda nthawi zambiri ndi matenda a fangasi, ndipo amachizika. Zilonda za m'mbali mwa milomo zimabweranso chifukwa chosowa zakudya zoyenera m'thupi. Mano a madontho oyera kapena a bulauni, ofanana mbali zonse, akhoza kubwera chifukwa cha fluoride wochuluka m'madzi a m'mijigo ina. Makanda ambiri amabadwa ndi zigamba zakuda mobiriwira kumsana ndi kumatako zooneka ngati anamenyedwa, koma ndi chibadwa chabe. Palinso matenda oopsa otchedwa noma, amene amagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 6 operewera zakudya m'thupi: amayamba ngati kachilonda pankhama n'kudya tsaya m'masiku ochepa. Bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu Disembala 2023.

Ndiye ntchito yanu ndi yanga si kugamula mlandu. Ntchito yathu ndi kuona, n'kuonetsetsa kuti mwanayo wafika kwa anthu amene anaphunzira kusiyanitsa zinthuzi.

Umphawi ndi kulekerera si chinthu chimodzi

Tsopano za mano obowoka. Mukayenda m'sukulu za kuno muona ana ambiri a mano owola. Kodi makolo awo onse ndi ankhanza? Ayi ndithu.

Malawi ali ndi madokotala a mano ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project. Ndondomeko ya dziko yoona za umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ntchito yambiri ya mano m'maboma amaigwira ndi ma dental therapist, ndipo kwa ife a kuno ku Chitala, dzino likavuta kwenikweni ulendo wake ndi wa ku boma, kuchipatala chachikulu cha Salima. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, inde, koma kabaza ndi minibasi si zaulere, ndipo tsiku lopita kumeneko ndi tsiku lopanda ganyu. Mayi amene akusankha pakati pa ufa ndi thiransipoti sindingamuloze chala.

Kulekerera ndi kwina. Ndi pamene kholo lauzidwa momveka bwino kuti mwana akufunika chithandizo, njira yopitira ilipo kapena ena adzipereka kuthandiza, koma ilo silikulabadira, mwana akungovutika. Mwana akulira ndi dzino usiku ulionse kwa miyezi, tsaya lotupa, nkhama zikutuluka mafinya, sakudya, wayamba kuonda, kusukulu wasiya, koma ndalama ya mowa kapena ya betting ikupezeka tsiku ndi tsiku. Apo si umphawi.

Ndipo tisiye kunena kuti "ndi a mkaka, aguluka okha". Dzino la mkaka lowola limapweteka ngati la munthu wamkulu, ndipo mafinya ake akhoza kuwononga dzino lokhalitsa limene likukula kunsi kwake. Chotupa cha dzino chikafalikira kukhosi kapena cha kudiso, mwana n'kumatentha thupi kapena kuvutika kumeza ndi kupuma, chikhoza kupha. Ana amene mano awo amalekereredwa chonchi, kawirikawiri mukayang'anitsitsa mupeza kuti akulekereredwanso pa zina: kusamba, zovala, chakudya, katemera.

Ndiye tichite chiyani?

Choyamba, chipatala. Dzino lokhalitsa likaguluka ndi kumenyedwa kapena kugwa, ligwireni kumutu kwake osati kumuzu, liikeni mu mkaka, muthamange nalo limodzi ndi mwanayo. Ola loyamba ndi lofunika kwambiri kuti libwezeretsedwe. Dzino la mkaka salibwezeretsa, koma mwanayo akaonedwebe. Ngati mukukayikira kuti wagwiriridwa, musadikire: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.

Chachiwiri, polankhula ndi mwana khalani odekha. Mufunseni kuti "chinachitika n'chiyani apa?" n'kumusiya afotokoze yekha. Musamuike mawu m'kamwa ngati "akumenya ndi abambo ako eti?" Musamukakamize kuyasamula, musamupanikize ndi mafunso. Akakuuzani, mukhulupirireni, mumuuze kuti sanalakwe. Musamulonjeze kuti simuuza munthu, chifukwa muyenera kuuza amene angamuthandize. Lembani penapake tsiku, zimene mwaona ndi mawu ake enieni.

Chachitatu, kanene. Nambala ya 116, Tithandizane Helpline imene amayendetsa a YONECO, ndi yaulere, simufunika mayunitsi. Ku polisi kuli Victim Support Unit. Ku boma kuli ofesi ya Social Welfare, ndipo m'madera muli ogwira ntchito yoteteza ana. Mukhozanso kuyamba ndi mlangizi wa zaumoyo amene mumakumana naye ku sikelo, namwino, mphunzitsi wamkulu, kapena amfumu amene mukudziwa kuti sakwirira nkhani. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act, limapereka udindo wokanena kwa achipatala, achibale, olera ana komanso anthu a m'dera. Ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Simukuyenera kukhala ndi umboni wonse kuti mukanene. Kukayikira komveka n'kokwanira, kufufuza ndi kwa iwowo.

Chachinayi, ndipo apa ndikulankhula ndi ife a mafoni: musajambule mwana n'kumuponya pa gulupu ya WhatsApp kapena pa Facebook. Ndikudziwa, mtima umawawa ndipo timafuna dziko lidziwe. Koma chithunzicho sichifufutika. Mwanayo adzakula, anzake adzamuseka nacho. Wochita nkhanzayo akachiona akhoza kuthawa, kumubisa mwanayo, kapena kumupweteka koposa kuti n'chifukwa chiyani waulula. Komanso ngati mwalakwitsa, mwaipitsa dzina la munthu wosalakwa, mwina mpaka kumuitanira gulu lomumenya. Ma like sanapulumutsepo mwana. Chimodzimodzinso kupita kukakalipira makolowo pakhomo pawo: inu mubwerera kwanu, mwanayo agona momwemo.

Za mwana uja

Ndinatenga masiku awiri ndikulimbana ndi mtima. Ndinkadziuza zimene tonse timadziuza: za m'nyumba ya eni sitilowerera, adzati ndine kazitape, nanga ndikakhala kuti ndalakwitsa? Komanso ndine ndani ine, wongokhala pa makolo, sukulu osamaliza? Tsiku lachitatu ndinaimba 116, kenako ndinakalankhula ndi munthu wina wogwira ntchito yoteteza ana. Zimene zinatsatira sindifotokoza pano chifukwa si zanga. Ndingonena kuti mwanayo anapita kuchipatala, ndipo pano pali anthu amene akumuyang'anira.

Chimene chimandiwawa ndi masabata atatu aja. Tsiku loyamba lija ndinaona mlomo wotupa, ndinamva "anagwa", ndinati pepa n'kubwerera pa foni. Dzino lija linada ine nditaona kale.

Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, makamaka pa maukwati ndi pamaliro. Tsono inu amene mumaphunzitsa ku mkombaphala, inu aphunzitsi, inu amene mumagulitsa zigege ndi maswiti pa geti ya sukulu, inu atsikana amene mumabereka ana a achemwali anu, ndinu amene mumaona kukamwa kwa anawa tsiku ndi tsiku. Mwana akasiya kudya chimene amachikonda, akamaseka atatseka pakamwa, akamati anagwa koma mawondo ali bwinobwino, gwadani pansi mufanane naye msinkhu, mumufunse modekha. Ndipo nambala ija isungeni mu foni lero lomwe: 116.